Mchere umene mapiritsi a shuga amadalira, ndi zimene makoswe anatiululira

Mlimi wa fodya wa kwa Njombwa m'boma la Kasungu sangasokoneze feteleza wokulitsa chimanga ndi wokulitsa fodya, ngakhale matumba atafanana mtundu. Amayang'ana manambala atatu olembedwa pathumba. Kwa zaka zambiri feteleza wa chimanga ankalembedwa 23:21:0, pomwe D Compound wa fodya amalembedwa 8:18:15. Nambala yachitatuyo ndi ya potashi, chakudya cha mbewu chimene mwini wake ndi mchere wotchedwa potaziyamu. Fodya akauperewera, masamba amapsa m'mphepete, tsamba silipsa bwino likayatsidwa, ndipo ogula ku okushoni ya ku Chinkhoma amaligwetsa mtengo. Izi alangizi a ku ARET akhala akuphunzitsa kuyambira kalekale, ndipo palibe mlimi amatsutsa. Ngakhale feteleza wa chimanga anadzasinthidwa kukhala 23:10:5 akatswiri a nthaka ataona kuti minda yathu yayamba kuperewera mchere womwewu.

Chimene mlimi yemweyo sanauzidwepo n'chakuti mchere umenewu ndiwonso uli pakati pa nkhani ya mapiritsi amene amalandira kuchipatala, ngati iye kapena mayi a kunyumba akudwala shuga. Odwala athu amauzidwa zambiri: siyani shuga wa mu tiyi, chepetsani nsima, idyani mgaiwa, musayende opanda nsapato. Za potaziyamu sazimva. Komatu piritsi limodzi mwa awiri amene amaperekedwa kwambiri m'zipatala za boma, la glibenclamide, ntchito yake yonse ndi kutseka njira ya potaziyamu m'thupi. Ndipo piritsi lina limene odwala ambiri amamwera limodzi nalo, la kuthamanga kwa magazi, limataya potaziyamu yemweyo m'mkodzo.

Zambiri mwa zimene tikudziwa pa nkhaniyi sizinayambire pa anthu. Zinayambira pa agalu, makoswe ndi mbewa za m'labotale.

Agalu a ku Montpellier

Mu 1942, nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ili mkati, dokotala wina wa ku Montpellier m'dziko la France, Marcel Janbon, ankayesa mankhwala atsopano pa odwala tayifodi. Ena mwa odwalawo anayamba kunjenjemera, kukomoka, ndipo angapo anamwalira. Atawayeza anapeza kuti shuga wa m'magazi mwawo watsika mochititsa mantha. Mnzake wa pa yunivesite ya mumzinda womwewo, Auguste Loubatières, anatenga mankhwalawo n'kukawapatsa agalu. Galu wabwinobwino shuga ankatsika. Galu amene anam'chotsa kapamba, chiwalo chija chili kuseri kwa chifu chimene chimapanga insulini, mankhwalawo sankam'chita kanthu. Apa panaoneka poyera kuti mankhwalawa sachotsa okha shuga m'magazi, koma amakankha kapamba kuti atulutse insulini. M'banja la mankhwala amenewa ndi mmene munadzatuluka tolbutamide m'zaka za m'ma 1950, kenako glibenclamide chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960.

Madokotala anapereka mapiritsiwa kwa zaka pafupifupi 30 asakudziwa kuti amakankha bwanji kapambayo. Zizindikiro zinalipo. Mu 1966 Gerold Grodsky ndi mnzake ku San Francisco anachotsa kapamba wa khoswe, n'kumudutsitsa madzi amchere m'mitsempha yake kuti akhalebe wamoyo. Atachulutsa potaziyamu m'madzimo, kapambayo anatulutsa insulini ngakhale munalibe shuga wochuluka. Mu 1968, ku Cambridge, Dean ndi Matthews analowetsa tizingano tating'onoting'ono m'maselo a kapamba wa mbewa ndipo anapeza kuti maselowo amathwanima ndi mphamvu ya magetsi shuga akafika. Yankho lenileni linabwera mu 1984, pamene Frances Ashcroft wa ku Oxford ndi anzake, pogwiritsa ntchito maselo a makoswe, anaonetsa kuti shuga amatseka timakomo ta potaziyamu pakhungu la selo. Chaka chotsatira gulu lina la ku Cambridge linaonetsa kuti mapiritsi a banja la glibenclamide amatseka timakomo tomweto.

Zimayenda chonchi. Potaziyamu wambiri m'thupi la munthu, pafupifupi magawo 98 pa 100 aliwonse, amakhala mkati mwa maselo, osati m'magazi. Selo la kapamba lopanga insulini lili ngati khola la mbuzi lokhala ndi zipata zambiri: munthu akakhala ndi njala zipatazo zimakhala zotsegula, potaziyamu amatuluka pang'onopang'ono, ndipo selo limakhala phee. Munthu akadya nsima, shuga amalowa m'selomo n'kupsa, mphamvu yotuluka pamenepo imatseka zipata, potaziyamu amaunjikana mkati, magetsi a selo amasintha, kasiyamu amalowa, insulini n'kutuluka. Kwa wodwala shuga wa akuluakulu, uthenga wotseka zipatazo umafika mofooka. Glibenclamide sadikira uthengawo. Amangopita kukatseka yekha.

Apa ndi pamene pagona ubwino wake ndi kuopsa kwake komwe. Piritsilo silifunsa ngati mwadya kapena ayi. Mwezi wa Januwale ndi Febuluwale, nkhokwe zili mbee, anthu akulawirira kukathyola fodya, kusoka ndi kupachika m'zigafa mpaka dzuwa kupendeka, munthu womwa glibenclamide m'mimba muli pululu akhoza kugwa ndi thukuta lozizira, kuyankhula zosamveka, mwinanso kukomoka. Anzake a pamunda amaganiza za malungo a m'mutu kapena zamatsenga, pamene chofunika mwachangu ndi madzi a shuga kapena chakumwa chotsekemera, ngati akutha kumeza. N'chifukwa chake bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linanena mu 2013 kuti glibenclamide si woyenera anthu opitirira zaka 60, ndipo linaika gliclazide m'malo mwake kwa okalamba.

Mbewa zinapitiriza kuphunzitsa. Izitu si mbewa zathu za pa mpani zogulitsidwa m'mbali mwa msewu wa M1. Ndi mbewa zoswedwa dala m'nyumba zaukhondo, zina zosinthidwa chibadwa. Mu 1998 gulu la Susumu Seino ku Japan linaswa mbewa zopanda timakomo ta potaziyamu timeneti. Zitapatsidwa shuga, kapamba wake sanayankhe ngati wa mbewa zina, ndipo zitapatsidwa tolbutamide sanayankhenso. Mu 2000 gulu la Colin Nichols ku St. Louis, ku America, linaswa mbewa zimene timakomo take tinkakana kutsekeka. Zinabadwa ndi shuga woopsa ndipo zambiri zinafa pa masiku ochepa. Patangopita zaka zinayi, Andrew Hattersley wa ku Exeter ndi anzake anapeza vuto lomwelo mwa ana amene amapezeka ndi shuga asanakwanitse miyezi isanu ndi umodzi. Mu 2006 anafalitsa zotsatira zimene zinadabwitsa madokotala: mwa odwala 49 oterewa amene ankabaya insulini tsiku ndi tsiku, 44 anasiya jakisoni n'kuyamba mapiritsi, shuga wawo n'kumayenda bwino kuposa kale. Amene amanyoza kafukufuku wa pa nyama amakhala asanamve nkhani ngati imeneyi.

Khoswe akamanidwa potaziyamu

Funso limene likukhudza mbale yathu ndi lina: ngati piritsi limagwira ntchito pa njira ya potaziyamu, kodi kuchuluka kwa potaziyamu amene nyama ikudya kumasintha mmene piritsilo likugwirira ntchito?

Kayesedwe kake n'kosavuta kukamvetsa. Ofufuza amatenga makoswe a mtundu umodzi ndi msinkhu umodzi, kawirikawiri a Wistar kapena Sprague Dawley. Amawadwalitsa shuga ndi jakisoni wa mankhwala owononga maselo a insulini: alloxan, amene anadziwika kuti amachita zimenezi mu 1943 ku Glasgow, kapena streptozotocin, amene anadziwika mu 1963. Kenako amawagawa m'magulu. Ena amadya chakudya chochotsedwa potaziyamu, ena chokhala ndi mlingo wabwino, ena chowonjezeredwa. Pakapita masabata angapo amawamwetsa shuga kapena mankhwala, n'kumatenga kadontho ka magazi kumchira pa nthawi zoikika.

Chimene chakhala chikuoneka kuyambira zaka za m'ma 1950 n'chakuti nyama yomanidwa potaziyamu siyendetsa bwino shuga. Insulini imatuluka yochepa komanso mochedwa. Chifukwa chake chikugwirizana ndi zija za timakomo: potaziyamu akachepa m'madzi ozungulira selo, magetsi a selolo amakhala kutali kwambiri ndi mlingo umene umadzutsa insulini, choncho pamafunika kukankha kwakukulu kuti litulutse kanthu. Piritsi limene ntchito yake ndi kudzutsa selo lotere likuyambira pa chitunda.

Anthu nawonso anayesedwa. Jerome Conn wa ku Michigan analemba mu 1965 kuti odwala matenda ena a tiziwalo ta pamwamba pa impso, amene amataya potaziyamu wambiri, amakhalanso ndi shuga wokwera. Mu 1980 John Rowe ndi anzake anachepetsa dala potaziyamu m'thupi la anyamata athanzi odzipereka, ndipo insulini yawo inachepa. Ku America komweko, kafukufuku wamkulu wotchedwa ARIC, amene anatsatira anthu oposa 12,000 kwa zaka zambiri, anaonetsa mu 2010 kuti amene anali ndi potaziyamu wotsikirapo m'magazi ankadwala shuga kwambiri kuposa anzawo.

Koma pano tiyende mosamala, chifukwa ogulitsa mankhwala a m'mabotolo amakonda kudumphira pa nkhani zotere. Kafukufuku wa ARIC yemweyo sanapeze mgwirizano woonekeratu pakati pa potaziyamu wa m'chakudya chimene anthuwo ankanena kuti amadya ndi kudwala shuga. Wa m'magazi ndi wa m'mbale si chinthu chimodzi. Impso zabwino zimasunga potaziyamu wa m'magazi pakati pa 3.5 ndi 5.0 pa muyeso wa kuchipatala, kaya mwadya nthochi imodzi kaya phava lonse. Kubwezera potaziyamu amene wasowa kumakonza vuto. Kuwonjezera pamwamba pa wokwanira kale sikusandutsa piritsi kukhala lamphamvu kawiri.

Ndiponso khoswe ndi khoswe. Amakhala zaka ziwiri kapena zitatu basi. Wa m'labotale amadya chakudya choyezedwa pa sikelo, sadwala malungo, salima, samwa ma ARV, ndipo kawirikawiri amakhala wamphongo wachinyamata. Streptozotocin akaperekedwa wambiri amapha pafupifupi maselo onse a insulini, kotero kuti khosweyo amafanana ndi mwana wodwala shuga wofuna jakisoni, osati mayi wa zaka 55 amene shuga wam'bwerera pang'onopang'ono pamodzi ndi kunenepa. Pa khoswe wotere glibenclamide alibe poti agwire, monga mmene zinalili ndi agalu a Loubatières aja. Munthu akakuuzani kuti mankhwala akutiakuti anatsitsa shuga pa makoswe, mufunseni kuti makoswewo anawadwalitsa bwanji. Ambiri onena zimenezi sayankha.

Mapiritsi awiri m'kapepala kamodzi

Kwa ine, phindu lenileni la kafukufuku wa pa nyamayu kwa munthu wa kwa Njombwa silili kwenikweni pa chakudya. Lili pa piritsi la BP.

Kafukufuku wa STEPS amene Unduna wa Zaumoyo unachita mothandizana ndi WHO mu 2009 anapeza kuti mwa Amalawi a zaka 25 mpaka 64, pafupifupi mmodzi mwa atatu aliwonse anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo 5.6 pa 100 aliwonse anali ndi shuga wokwera. Kafukufuku wina wa bungwe la MEIRU, wochitika ku Karonga ndi ku Area 25 mu Lilongwe pa anthu pafupifupi 29,000 n'kufalitsidwa mu 2018, anapeza chiwerengero chotsikirapo cha shuga, anthu awiri kapena atatu pa 100 aliwonse, koma pafupifupi awiri mwa asanu aliwonse a iwo sankadziwa kuti akudwala. Manambala amasiyana, koma aliyense amene anakhalapo pa benchi ya kiliniki ya matenda a mgonagona amadziwa kuti shuga ndi BP zimayendera limodzi. Wodwala amatuluka pa windo la mankhwala ndi timapepala tiwiri kapena titatu: metformin, glibenclamide, ndi kapiritsi kakang'ono kamene onse amangokatchula kuti HCT.

HCT, dzina lake lonse hydrochlorothiazide, ndi piritsi lokodzetsa. Limatsitsa BP pochotsa mchere ndi madzi kudzera m'impso, koma potero potaziyamu amapita nawo. Mapiritsi a mtundu umenewu atangoyamba kugwiritsidwa ntchito chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950, madokotala anaona kuti odwala ena shuga akuwakwera. Mu 1983 Helderman ndi anzake anamwetsa anthu athanzi HCT wambiri. Amene potaziyamu anawatsika, insulini inachepa ndipo shuga sanayende bwino. Atabwereza n'kumawabwezera potaziyamu wotayikayo, vutolo silinaoneke. Mu 2006 akatswiri ena anasonkhanitsa zotsatira za mayeso 59 a mapiritsi okodzetsawa ndipo anapeza chimodzimodzi: pamene potaziyamu watsika kwambiri ndi pamene shuga wakwera kwambiri. Ku Britain, kafukufuku wa PATHWAY-3 wa mu 2016 anaphatikiza HCT ndi amiloride, piritsi lokodzetsa limene limasunga potaziyamu, ndipo shuga sanakwere pamene BP inatsika bwino kuposa pomwa limodzi lokha.

Pali m'bale wake wa HCT wotchedwa diazoxide amene amaulula chibale chonsechi. Iyeyu sakodzetsa, koma amatsegula timakomo tija timene glibenclamide amatseka, ndipo amakweza shuga pa nyama ndi pa anthu omwe. Lero amaperekedwa kwa ana obadwa ndi insulini yochuluka mopitirira.

Ndiye taganizirani mayi amene shuga wake wakhala akukwera miyezi itatu yotsatizana. Kuchipatala amafunsidwa ngati akudya nsima yoyera mobisa, kapena ngati akudumphitsa mankhwala. Mwina akuterodi. Koma mwinanso anawonjezeredwa HCT, kapena anatsekula m'mimba sabata yathunthu, ndipo potaziyamu wake ali pansi. Zizindikiro zake n'zosokoneza: kufooka, miyendo kukokana usiku, kudzimbidwa, mtima kugunda modumphadumpha. Zonsezi munthu wolima akhoza kungoti ndi kutopa. Njira yodziwira ndi imodzi yokha, kuyeza magazi mu labotale, ndipo kuyeza kumeneku si kwa kachipangizo kobaya chala kaja. Kumafuna makina amene amapezeka m'zipatala zazikulu, pamene zipatala zing'onozing'ono za kumudzi zimadalira choyezera BP ndi choyezera shuga, nachonso ngati timapepala take tilipo.

Wina asamve ngati ndikunena kuti HCT ndi woipa. Ndi piritsi lotsika mtengo limene lateteza anthu osawerengeka ku matenda ofa ziwalo, ndipo kafukufuku wa CREOLE wa mu 2019, amene anachitika m'mayiko asanu ndi limodzi a mu Africa kuphatikizapo Mozambique, anaonetsa kuti likaphatikizidwa ndi amlodipine limatsitsa bwino BP ya anthu akuda. Pa mlingo wochepa, wa 12.5 kapena 25 mg, vuto la potaziyamu limakhala laling'ono poyerekeza ndi milingo ikuluikulu imene inkaperekedwa kale. Kusiya piritsili mwa wekha chifukwa cha nkhani ya m'nyuzipepala ndi kudziputira sitiroko. Nkhani ndi yakuti piritsi lotere liyenera kuyenda ndi kuyeza magazi, ngakhale kamodzi pachaka.

Metformin sakhudzana ndi timakomo ta potaziyamu. Iye amagwira ntchito makamaka pa chiwindi, kuchiletsa kuthira shuga wambiri m'magazi. Insulini ya jakisoni ndiyo ili ndi nkhani yakeyake: imakankhira potaziyamu m'maselo pamodzi ndi shuga. N'chifukwa chake wodwala amene wafika kuchipatala ali chikomokere ndi shuga wokwera kwambiri amathiriridwa potaziyamu mu diripi, ndipo akakhala wotsika kwambiri madokotala amayamba abwezera potaziyamuyo asanapereke insulini. Kupanda kutero mtima ukhoza kuima shuga akutsika bwinobwino. Madokotala amagwiritsanso ntchito khalidwe lomweli mobwerera: munthu amene potaziyamu wamukwera moopsa amam'baya insulini pamodzi ndi shuga.

Za m'munda ndi za m'khitchini

WHO inalangiza mu 2012 kuti munthu wamkulu azidya potaziyamu wosachepera 3,510 mg patsiku kuchokera m'zakudya, ndipo mchere wa patebulo usapitirire magalamu asanu. Malangizowa anaperekedwa chifukwa cha BP ndi sitiroko, pamene umboni wake uli wolimba, osati chifukwa cha shuga. Koma wodwala shuga ndi amene sitiroko imam'londola kwambiri, choncho malangizowa akumukhudza.

Chosangalatsa n'chakuti Kasungu sasowa zakudya zimenezi. Nyemba zouma zimakhala ndi potaziyamu pafupifupi 1,400 mg pa magalamu 100, soya kuposa pamenepo, mtedza pafupifupi 700. Peyala lili ndi pafupifupi 480, mbatata ndi nthochi pakati pa 330 ndi 360. Nkhwani, bonongwe, khwanya, chisoso, maungu ndi tomato zonse zili nawo. Nthochi imatchuka kwambiri pa nkhaniyi, koma mbale ya nyemba kapena ndiwo zamasamba zotendera zimaiposa, ndiponso sizikweza shuga msanga ngati nthochi yakupsa kwambiri. Vuto la kwa Njombwa ndi madera ena a fodya n'lakuti soya ndi mtedza zimalimidwa kuti zigulitsidwe. Mavenda akafika ndi masikelo awo mwezi wa Epulo ndi Meyi, matumba amapita onse, ndipo pofika Okutobala banja likudyera nsima yoyera ndi kabichi wothira mchere wambiri. Pa banja la tenanti, limene limadalira chimanga choyezeredwa ndi mwini esiteti, nkhani ya kusankha zakudya imamveka ngati chipongwe.

Ufa nawo uli ndi mbali yake. Potaziyamu wa m'chimanga amakhala kwambiri m'gaga ndi m'kamtima ka njere. Tikakonola, n'kuviika mphale masiku angapo, n'kutaya madziwo, timakhala tataya gawo lalikulu, chifukwa mchere umenewu umasungunuka m'madzi. Mgaiwa umasunga wochuluka. Madokotala amaulimbikitsa pa zifukwa zina, koma ichi n'chifukwa chowonjezera. Masamba owiritsa n'kukhetsa madzi amatayanso chimodzimodzi.

Ndiye pali chidulo. Agogo athu ankawotcha zitsononkho, makoko a nyemba kapena a nthochi, n'kucheza phulusalo kuti apeze madzi ofewetsera therere ndi chigwada. Madzi amenewo mchere wake waukulu ndi potaziyamu. Lero ambiri tinasiya kucheza chidulo, timagula soda wa pa golosale, amene mchere wake ndi sodiyamu, yemwe uja amakweza BP. Kusintha kumeneku kunachitika mwakachetechete, popanda anakuona ngati nkhani ya zaumoyo. Sindikuti chidulo ndi mankhwala. Monga soda, chimawononga mavitamini ena a m'masamba, ndipo mphamvu yake siyezeka. Koma mayi wa BP amene amathira soda mu ndiwo tsiku lililonse, kuwonjezera pa mchere ndi timakyubu tokometsera, ayenera kudziwa chimene akuthira.

Ku China anayesa njira ina. Kafukufuku wa mu 2021, wochitika m'midzi 600 pa anthu pafupifupi 21,000, anapatsa mabanja ena mchere wosakaniza, magawo atatu mchere wamba ndi gawo limodzi potaziyamu. Patatha zaka pafupifupi zisanu, sitiroko inachepa ndi 14 pa 100 aliwonse m'midzi imeneyo. WHO inavomereza mchere wotere mu Januwale 2025, koma inapatula amayi oyembekezera, ana, ndi onse amene impso zawo zili ndi vuto.

Pamene potaziyamu amapha

Kupatula kumeneku ndi kumene wodwala shuga ayenera kukumvetsetsa kuposa china chilichonse m'nkhani ino. Shuga akakhalitsa amawononga impso mwakachetechete, munthu osamva kupweteka kulikonse. Impso zofooka zimalephera kutaya potaziyamu, ndipo akaunjikana m'magazi kupitirira 6 kapena 7, mtima ukhoza kuima popanda chenjezo. Mapiritsi ena abwino amene amaperekedwa pofuna kuteteza impso zomwezo, monga enalapril ndi captopril, amakweza potaziyamu. Spironolactone amateronso. Ndiye onjezerani brufen, diclofenac kapena indocid, amene anthu amagula pa okala n'kumamwa ngati mtedza msana ukamawawa nthawi yosankha ndi kudinda fodya pa jeke. Mankhwala opha ululu amenewa amafinya impso ndi kusunga potaziyamu. Munthu wa shuga wa zaka khumi, womwa enalapril ndi indocid, akawonjezera mapiritsi a potaziyamu kapena mchere wosakaniza uja chifukwa anamva kuti zinathandiza makoswe, akudziika pa ngozi yeniyeni.

Choncho odwala awiri okhala pa benchi imodzi, onse a shuga ndi BP, akhoza kufuna malangizo otsutsana. Wa HCT amene impso zake zili bwino adye nyemba, masamba ndi mapeyala momasuka. Wa impso zofooka achepetse zomwezo, ndipo masamba ake awiritse n'kukhetsa madzi. Powayang'ana nkhope simungawasiyanitse. Impso zikafika polephereratu, makina otsuka magazi m'zipatala za boma ali ku zipatala zazikulu monga Kamuzu Central ku Lilongwe ndi Queen Elizabeth ku Blantyre, ndipo wodwala amafunika kumapitako kangapo pa sabata. Kwa mlimi wa ku Kasungu kumeneko ndi kusamuka pamudzi.

Njira yochitira bwino ilipo kale m'dziko muno. Ku Neno, Unduna wa Zaumoyo ndi bungwe la Abwenzi Pa Za Umoyo anakhazikitsa makiliniki amene amaona shuga, BP, mphumu, khunyu ndi HIV pamalo amodzi, komanso makiliniki a PEN-Plus a odwala kwambiri pa chipatala cha boma ndi cha Lisungwi. Dongosolo la HIV linatiphunzitsanso kuti magazi akhoza kutengedwa pa chipatala chaching'ono, kunyamulidwa pa njinga yamoto kupita ku labotale ya pa boma, zotsatira n'kubwerera. Magazi oyeza potaziyamu ndi osachedwa kuwonongeka kuposa a HIV, amafuna kufika msanga ndi kusamalidwa bwino panjira, koma limeneli ndi vuto la kayendetsedwe ka ntchito, osati la sayansi. Nayonso yunivesite ya KUHeS ili ndi akatswiri a mankhwala amene angathe kuyeza odwala athu omwa HCT ndi glibenclamide, odya nsima ndi nyemba zathu, m'malo moti tizingodalira makoswe a ku Oxford ndi anthu a ku America.

Inu amene mukudwala shuga, kapena mukusamala kholo lodwala, ulendo wotsatira wa ku chipatala cha boma ku Kasungu mutenge mankhwala onse amene akumwedwa pakhomopo, a kuchipatala, a pa okala ndi azitsamba omwe, muwaonetse adokotala pamodzi ndi buku la kuchipatala. Mufunse ngati impso ndi potaziyamu zinayezedwapo, ndipo ngati zinayezedwa, zotsatira zilembedwe m'bukumo. Mapiritsi a potaziyamu musagule pokhapokha adokotala atakulemberani atayeza magazi.